Kilayanti wakakamira pa 92kg, ndimuchotse nsima kapena?

Kochi wa ku 25: Akuluakulu thandizeni mutu waima. Ndili ndi mayi wina ndinamuika pa low fat, tchipisi, mandasi, khungu la nkhuku zonse tinachotsa, ku jimu sajomba koma sikelo yangoti njo pa 92. Pano mnzake wa ku ofesi ali pa Banting ya ku Joni ija, dayeti yosiya nsima, buledi ndi shuga, wagwetsa 3kg sabata yoyamba yomwe, nde mayiyu akuti ndikungomudyera ndalama. Ndimusinthe?

Madala a ku Ndirande: Chotsa nsima basi aise. Nkhani ndi insulin, homoni ija yoyendetsa shuga m'thupi.

Sisi Nutrition: Ma 3kg amenewo ambiri ndi madzi achimwene. Munthu akasiya ma carb (zakudya ngati nsima, mpunga, buledi ndi shuga) thupi limayamba kudya glycogen, shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu imodzi ya glycogen imasunga madzi pafupifupi magalamu atatu, nde munthu amangokhalira kukodza sikelo nkutsika. Ku yunivesite ya Stanford ku America anatsatira anthu 609 chaka chathunthu, zotsatira zinatuluka mu 2018, a low fat anatsika pafupifupi 5.3kg, a low carb 6kg, kusiyana kwake kosanunkha kanthu. Insulin anayezanso koma siinasonyeze kuti dayeti iti iyanja ndani. M'chiuno mwamuyeza ndi tepi?

Madala a ku Ndirande: Anthu a ku America amenewo amadya mitanda itatu masana itatu usiku? Chotsa nsima.

Nesi wa ku Zomba: Chonde musanachotse chilichonse mufunseni kaye ngati ali ndi shuga. Ine ndinalandirapo bambo wina, amamwa mankhwala a shuga a glibenclamide, mnyamata wa ku jimu anamuuza asiye nsima ndi mpunga lero lomwe, mankhwala akumwabe mlingo womwewo. Anagwa pa treadmill thukuta lili kamukamu, shuga atatsikiratu, anzake kumati wakomoka ndi kutopa. Wa insulin nde ndi zoopsa kuposa. Wa impso kapena gauti musamuunjikire nyama. Wapakati ndi woyamwitsa asiyeni kaye.

Kochi wa ku 25: Shuga alibe, BP yokha.

Sisi Nutrition: Nde low fat yanuyo mwaiona ndi maso kapena mukungomva za m'kamwa mwake? Amaphika ndani kunyumba? Sipuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, ndipo wantchito sayeza, amangopendeketsa botolo. Mafuta galamu ndi makalori 9, ufa ndi shuga 4. Koma wanga wina anasiyadi mafuta nkumabwezera pa Sobo ndi tiyi wa masipuni anayi, buledi theka yekha, akuti poti mulibe mafuta kkkk. Nkhwani wotendera nawo nsinjiro zake ndi mafuta ndithu.

Madala a ku Ndirande: Mwaona? Sobo, buledi, shuga. Ma carb onsewo. Ndanena kale ine.

Kochi wa ku Mzuzu: Madala, Banting yanuyo ifuna thumba. Mazira, chambo, nyama daily, pofika pa 20 mwezi munthu wabwerera ku nsima ya usipa ndipo ma kilo amabwerera ndi abale awo omwe. Ine ndimangoti mitanda iwiri ikhale umodzi, wamgaiwa, masamba ndi nyemba zichuluke. Amakwanitsa mpaka ku maliro ndi ku ukwati komwe.

Madala a ku Ndirande: Mgaiwa ndi nsimabe.