Kodi "kuthobwa m'maso" n'kuchuluka kwa kuwala kapena ndi china?

Wamagetsi, Chinamwali:

Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu awa ndisanakaime pamaso pa komiti Loweruka likubwerali.

Ndimagwira ntchito ya magetsi kuno ku Zomba. Mpingo wina uli ndi chipinda chowerengeramo, mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, momwe ana a Fomu 4 amasonkhana madzulo pokonzekera MSCE. Chaka chatha munakhomedwa nyali zinayi zamphamvu, zija zounikira pabwalo, imodzi pangodya iliyonse, zonse zoloza pakati. Ukalowa muli mbee. Koma ana sakhalitsamo. Ena amanyamula benchi n'kukaunjikana pakhonde, pansi pa kababu kamodzi kodzaza ndi tizilombo.

Nditapita kukaona, agogo amene amalondera pamalopo anandikokera pambali nati, "Mwanangu, magetsi awa sakuunika ayi, akuthobwa m'maso." A msungichuma atamva anangoti, "Walira mvula walira matope. Tinalira magetsi zaka zingati?" Nkhani inathera pomwepo.

Ine sinandithere. Ndinayeza chipindacho ndi tepi n'kuchimanga pa laputopu mu DIALux, pulogalamu yaulere ya ku Germany imene imakuonetsa mmene kuwala kudzagwere usanagule ngakhale waya. Umaiuza kutalika kwa siling'i, mtundu wa makoma, pamene pali mazenera ndi matebulo, kenako umalowetsa fayilo ya nyali yochokera kwa oipanga, yonena mbali imene nyaliyo imaponya kuwala ndi mphamvu yake. Kuwala kogwera patebulo timakuyeza mu lux, ndipo muyezo wa ku Ulaya wa EN 12464-1 umafuna 500 lux pomwe munthu akuwerenga ndi kulemba. Chodabwitsa n'chakuti matebulo ambiri m'chipindamo sankafika ndi pomwe pa 500. Kuwala kumene aliyense ankati kwachuluka kunali kopelewera pabuku. Kunkathera m'maso mwa mwana wokhala moyang'anana ndi nyali, kwina n'kumanjanja pa matailosi onyezimira.

Pulogalamuyi ili ndi nambala ina, UGR, yoyeza mmene nyali zikuvutitsira diso la munthu wokhala pampando wakutiwakuti. Powerengera siyenera kupitirira 19. Yathu inapitirira kutali.

Funso langa nali. Lipoti ndikufuna kulilemba m'Chichewa kuti aliyense wa mu komiti alimve. Ndikalemba kuti nyali "zikuthobwa m'maso", adzamva kuti kuwala kwachuluka, n'kundiuza kuti ndingozimitsa ziwiri? Mawuwa gwero lake n'chiyani? Ndipo mwambi wa mvula ndi matope uja, kodi umatanthauzadi kuti munthu asadandaule ndi chimene anachipempha yekha?

Mphunzitsi wopuma, Matawale:

Achimwene, agogowo anasankha mawu oyenera kuposa mmene mukuganizira. Kwathu tili ana, kuthobwa sikunali kwa kuwala kokha. Mayi akamapeta chimanga mphepo n'kutembenuka, gaga akakulowa m'diso, unkati wathobwa. Kamvuluvulu akadutsa pabwalo, fumbi linkatithobwa. Ndiye kuthobwa n'kulowedwa ndi chinthu m'diso, mpaka diso kulephera ntchito yake. Kachitsotso kamodzi kamakwana. Sitifunsa kuti kachitsotsoko n'kochuluka bwanji, timafunsa kuti kalowa pati.

Taganizani galimoto yotsika ku Ku Chawe usiku itayatsa nyali zonse, inu mukukwera. Msewu sukuwalirani, mumangoona mdima wokhawokha kuseri kwa nyalizo. Kumeneko ndiye kuthobwa. Dzuwa la mu Okutobala pa msika wa Mpondabwino limawala koposa nyali za galimotoyo, koma anthu amasankha tomato bwinobwino, chifukwa lili pamwamba pa mutu.

Mayi wa ku Sadzi:

Aphunzitsi anena zoona. Ine ndionjezeko za mwambiwo, chifukwa a msungichumawo aupotoza pang'ono. Agogo anga aakazi ankaunena mtsikana akamakakamira banja, kapena munthu akamalimbirana udindo. Tanthauzo lake n'lakuti chabwino chimene ukuchifuna chimadza ndi zovuta zake, uzidziwiretu. Koma matope amabwera ndi mvula mwachibadwa, sungawalekanitse. Nanga nyali yokhomedwa molakwika ndi matope a magetsi? Ayi. Matope a magetsi ndi mayunitsi a ESCOM amene muzigula mwezi ndi mwezi, ndi kuzimazima kuja. Zija tinaziona Kapichira itaonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, zimenezo ndiye tinapirira poti panalibe chochita. Izi za nyali n'zokonzeka.

Ndipo ngakhale matope enieniwo, munthu amakumba ngalande kuseri kwa nyumba mvula isanagwe. Palibe amene amati poti ndinalira mvula, madzi alowe m'nyumba.

Wophunzira, Chikanda:

Pepani kulowerera nkhani ya akuluakulu. Kodi mawuwa akugwirizana ndi thobwa wakumwa uja? Ndakhala ndikudzifunsa.

Mphunzitsi wopuma, Matawale:

Mwanawe, polemba amafanana, koma m'kamwa mwa anthu sindinamvepo wina akuwalumikiza. Wina ndi chakumwa, winayo ndi mneni. Tisawakwatitse mokakamiza.

Kwa achimwene a magetsi: m'lipotimo musalembe mawu amodzi okha. Ikani awiri moyandikana monga anachitira agogowo, kuunika ndi kuthobwa. Wounika amaloza muuni pa njira, kapena pa chinthu chimene mukufunafuna. Kale poyenda usiku ndi muuni wa udzu, wonyamula ankautsitsa m'munsi kapena kuukweza pamwamba pa mutu, sankauika pankhope pa mnzake. Aliyense wa mu komiti amene anakulira kumudzi adzamva msanga.

Wamagetsi, Chinamwali:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo mayi. Za kachitsotso zija zandimasula, chifukwa n'zimene kompyuta imawerengera pa UGR: kuwala kwa nyali poyerekeza ndi mdima wa kumbuyo kwake, kukula kwake, ndi pamene yakhala poyerekeza ndi kumene diso likuyang'ana. Ndinkadziwa nambala koma mawu ndinalibe.

Ndikuuzeni zimene ndikukapereka. M'malo mwa nyali zinayi zija ndayesa mapanelo a LED 12, a masentimita 60 mbali zonse, m'mizere itatu pa siling'i, oyang'ana pansi. Pa chithunzi cha mitundu chimene pulogalamu imajambula, zigamba zowala kwambiri ndi zakuda zija zasungunuka, matebulo onse ali pafupifupi mtundu umodzi. Pa mtundu wa kuwala ndasankha oyera bwino a 4000K, osati a 6500K oyera mopita ku buluu ngati a m'chipatala amene adzaza m'mashopu m'tauni muno. Onse pamodzi akudya mawati osakwana 450, ndipo ndawagawa pa maswichi atatu kuti tsiku lina akadzapeza sola ndi batire, mzere umodzi uzitha kuyaka pawokha magetsi akazima.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi makoma. Panopa ndi njerwa zootcha zosapaka kanthu, zimene zimameza kuwala kochuluka. Nditangosintha mu kompyuta kuti akhale oyera, manambala a patebulo anakwera popanda kuonjezera nyali ngakhale imodzi, ndipo diso linapepukidwa chifukwa kumbuyo kwa nyali sikulinso bii. Ndiye chinthu choyamba pa mndandanda wa zogula si nyali, ndi laimu ndi burashi. Ngati ndalama za mapanelo zichedwe, anawo akhoza kupaka okha Loweruka limodzi, ine n'kutembenuza nyali zakalezo kuti ziloze ku siling'i.

Mawa madzulo ndidutsira kaye kwa agogo aja ndi laputopu, akaone zithunzi ziwirizo komiti isanazione. Ndikufuna ndikawapemphenso kuti Loweruka adzakhalepo, mawu aja adzawanene okha.