Bondo la mwana wanga langoti phwa pa basketball, kodi kochi yekha akwanira?

Make Tamanda, Mpondasi:
Abale, mwana wanga wamkazi amasewera basketball kukoleji. Lachisanu anadumpha kuti alande mpira, potera bondo linangoti phwa, popanda womugunda. Kochi anangomuthira madzi n'kumuuza kuti alowenso poti kunatsala mphindi zinayi. Analowadi. Pano ali kuno kunyumba, bondo latupa ngati papaya, agogo ake ali kalikiliki kuthowa ndi madzi otentha. Alamu anga akuti ku America matimu a m'makoleji amakhala ndi munthu wake woyang'anira zovulala, athletic trainer. Ameneyo amachepetsadi kuvulala, kapena ndi za anthu andalama?

Fizo wa pa Boma:
Pepani mayi. Choyamba, agogo asiye kaye kuthowako, ikani ayezi wokulunga m'kansalu. Zomwe mwafotokozazo zikufanana ndi kuduka kwa ACL, kamtsempha kogwira bondo mkati. Nthawi zambiri kamaduka chonchi, potera kapena pokhota mwadzidzidzi, ndipo atsikana zimawachitikira kwambiri kuposa anyamata. Pitani naye kuchipatala akamupime.

Za trainer, ntchito yake yaikulu imachitika masewera asanayambe: kuphunzitsa ana kutera mawondo atapinda osagwera mkati, kulimbitsa ntchafu ndi chiuno, kumanga akakolo obinya. Komanso ali ndi mphamvu yokaniza wovulala kubwerera m'bwalo. Kochi maso ake amakhala pa zigoli, musamudabwe.

Che Bwanali, Namwera:
Koma tisanamizane. Paige Bueckers, wa basketball pa koleji ya UConn ku America, anaduka ACL mu 2022, chaka chonse osasewera. JuJu Watkins wa pa koleji ya USC konko naye mu 2025. Kumeneko ma trainer kulibe? Mwawi Kumwenda wathu yemwe zinamuonekera ku Melbourne Vixens mu 2018.

Fizo wa pa Boma:
Zoona achimwene, sizitheratu. Koma Mwawi anabwerera m'bwalo, Bueckers anatenga chikho mu 2025, chifukwa atachitidwa opaleshoni panali wowayendetsa pa mafizo miyezi yambirimbiri. Athu kuno kutupa kukangophwa amavalanso nsapato, pa simenti, dzuwa la Mangochi lili pamutu.

Make Tamanda, Mpondasi:
Zikomo bambo. Ayezi ndapempha kwa ogulitsa chambo, mawa tilawirira kuchipatala. Mwiniwakeyo akulira kuti Loweruka lino kuli fainolo. Ndabisa nsapato zake m'thumba la chimanga.