Anditumiza kukagwira ntchito ku Likoma, kumeneko nkotani?

Mnyamata_wa_Dedza:
Abale anditumiza ku Likoma mwezi wamawa koma nyanja sindinakwerepo, kodi kumakhala anthu angati, nanga anthu ake ndi otani? Ena akundiopseza kuti ndikafa ndi phukwa.

Nambewe:
Musaope achimwene. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma lonse, kuphatikiza ndi chilumba cha Chizumulu, ndiye ndi boma laling'ono kuposa onse m'Malawi muno. Pakangotha sabata ziwiri aliyense akhala akukudziwani, ngakhale komwe munadya nsima dzulo adziwa kkkk.

Wa_ku_Mbamba:
Ine kwathu ndi komweko. Anthu ambiri ndi asodzi, usipa ndi utaka ndiye ndiwo, nsima ya kondowole muizolowere chifukwa nthaka ndi ya miyala ndi mchenga chimanga sichichita bwino, ufa wambiri umabwera pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay nde tsiku lofika sitima kudoko kumadzaza ngati msika, wina akudikira katundu wina wangobwera kudzaonerera basi. Ambiri ndi a Anglican, tchalitchi cha St Peter's chija anayamba kumanga mu 1903 ndipo Lamulungu mukapiteko mukamve kwaya, musanene kuti sindinakuuzeni. Malambe ali paliponse. Mozambique mumaiona ndi maso, Cobue ali tsidya lomwelo.

Mnyamata_wa_Dedza:
Nanga chiyankhulo ndikamva?

Wa_ku_Mbamba:
Mukamva, ndi Chinyanja chathu chakunyanja, kungoti mawu ena akakuzunguzani masiku oyamba. Ku Chizumulu ndiye Chitonga chimamveka kwambiri. Nthawi ya mwera musamadye kwambiri musanakwere boti.