Kodi nzoona kuti Moses Woyera wa ku Ethiopia anali mbava?

Mayi wa ku Ngabu:
Abale, mu Mphakati wathu mwabuka mkangano chifukwa cha mnyamata amene watuluka kundende, kumene anakakhala pa mlandu woba ng'ombe, ndipo tsopano akufuna kubwerera mumpingo. Akatekisti atatchula Moses wa ku Ethiopia, ena anatsutsa kuti mbava singasanduke woyera. Ndani angatifotokozere za moyo wake?

Mphunzitsi wa ku Nsanje:
Mayi, akatekistiwo sananame. Moses anali kapolo wa mkulu wina waboma ku Egypt, ndipo atapirikitsidwa chifukwa chakuba anakatsogolera gulu la achifwamba. Palladius, amene analemba za amonke cha m'ma 420, akusimba kuti galu wa mbusa wina atamulepheretsa kuba, Moses anasambira kuwoloka Nile madzi atasefukira, ataluma mpeni, kuti akaphe mbusayo, ndipo atamusowa anapha nkhosa zinayi zonona. Ife a m'mbali mwa Shire tikudziwa kuuma mtima kumene kungamulowetse munthu m'madzi otere. Atalapa anakakhala mmonke m'chipululu cha Scetis ku Egypt pansi pa Isidore, wansembe wa amonke kumeneko, komabe zilakolako zakale sizinamusiye msanga: kwa zaka 6 ankachezera kupemphera chilili, kenaka n'kuyamba kumatungira madzi amonke okalamba usiku iwo ali m'tulo.

Bambo wa ku Nchalo:
Aphunzitsi, nkhaniyo ndaimva, koma amene khola lake linagona lopanda kanthu ayeneranso kumvedwa. Kuno ng'ombe ndiyo fizi ya ana ndiponso chakudya chaka cha chilala. Zakeyu analonjeza kubweza kanayi, choncho mnyamatayo ayambe wapita kwa amene anawabera.

Sisitere wa ku Chikwawa:
Bambo, mwanena zoona, ndipo kumuperekeza kumeneko ndi ntchito ya Mphakati womwewo, osati kumutsekera pakhomo. Moses ataitanidwa kukaweruza mmonke wolakwa, anafika atasenza dengu lobowoka lodzaza mchenga umene unkatayikira kumbuyo kwake, nati machimo ake akutayika chomwecho iye osawaona, pamene wabwera kudzaweruza mnzake. Mlanduwo unathera pomwepo. Cha m'ma 405 achiwembu ataukira Scetis, Moses anakana kuthawa kapena kumenya nkhondo, pokumbukira mawu a pa Mateyu 26:52 akuti onse ogwira lupanga adzafa ndi lupanga, ndipo anaphedwa ali ndi zaka 75. Mayi a ku Ngabu, Mpingo umamukumbukira pa 28 Ogasiti. Pemphani akatekisti adzawerenge mbiri yake tsikulo, mnyamatayo ndi eni ng'ombe ali pomwepo.