Za mlatho wa pa Likangala uja

Mlembi: Moni nonse. Anthu a bungwe la ku Ulaya lija anabweranso dzulo kwa amfumu. Akuti simenti, zitsulo ndi malipiro a mmisiri apereka iwo, ife mchenga, miyala ndi manja. Koma akufuna aone kaye kaundula wa ndalama zomwe tinasonkha mu 2023 namondwe Freddy atakokolola mlatho. Yankho likufunika Lachisanu.

Mayi a Mvano: Ambuye alemekezeke! Ana akuwoloka yunifolomu ili pamutu, makope m'jumbo. Tilandire basi.

Aphunzitsi Opuma: Pepani, ine ndinena zosakoma. Ufulu tinalandira 1964, lero kamlatho koti ngolo idutsepo tikudikirabe mzungu? Dzanja lathu linazolowera kutambasuka. Mwaiwala kale za Januwale 2025? A Trump anangosayina pepala limodzi, thandizo la USAID kuima, anthu ogwira ntchito m'mabungwe kuuzidwa kuti mawa musabwere. A ku Britain anadula thandizo lawo mu 2021, ndipo analengeza zodulanso. Mlendo ndi mame, abale anga. Mayiko olemerawa akanangotisiya tikanaphunzira kuganiza. Thandizo lawo theka limathera ma Land Cruiser oyera ndi misonkhano ya kunyanja, kumudzi kumafika chikwangwani chokha.

Mlongo wa ku Leeds: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse. Ma ARV amene abale athu akulandira ulere kuyambira 2004 amagula ndani? Si ndalama za Global Fund kodi? Ine ndinakula nthawi imene mashopu a mabokosi anali ndondondo m'mbali mwa msewu, Loweruka lililonse kumanda. Mayi anga aang'ono ali moyo lero chifukwa cha thandizo mukulinyozalo.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, iwe unamwino unaphunzira kuno ndi misonkho yathu, lero ukusamalira agogo a azungu ku Leeds pamene kuno namwino mmodzi akuthamanga ndi wodi yonse. Tsono akuthandiza mnzake ndani pamenepa?

Mlongo wa ku Leeds: Ndalama ndimatumiza pagulu pano simuzikana ayi.

Wapampando: Chonde tibwerere pa mlatho.

Achimwene a ku Joni: Ine ndimati si mphatso iyi, ndi ngongole akubweza. Utsi umene wasokoneza nyengo unachokera m'mafakitale awo, ife kwathu magetsi enieniwo mulibe. Anamondwe Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy 2023, nyanja ya Chilwa kumaphwa mpaka mabwato kukhala pamatope ku Kachulu. Osanenanso za thangata, azigogo athu analima ulere m'minda ya azungu ku Magomero mpaka Chilembwe anawukira mu 1915. Apereke, ndipo asatifunse zambiri.

Aphunzitsi Opuma: Apo ndiye mwalakwitsa achimwene. Wokupatsa amafunsa, ndiye vuto lakelo. Kumbukirani 2011 a Bingu atathamangitsa kazembe wa Britain: thandizo kuima, mafuta kusowa, tinkagona pamzere ndi zigubu pa filing'i siteshoni. Dziko loti munthu wina akakwiya ku London ife kuno minibasi ziima, limenelo ndi dziko? Kenako Cashgate mu 2013, anasiyanso kuthandiza bajeti, pamenepo n'kuti pafupifupi 40 peresenti ya bajetiyo ikuchokera kwa iwowo. Apo sindiwada, tinaba tokha. Koma mfundo yanga ndi yakuti mlathowu timange ndi thukuta lathu. Anthu 86 tili pagulu pano, tilephere simenti?

Mdzukulu wa ku Chanco: Agogo, thukuta lathu tinasonkha kale mu 2023. Lili kuti?

Mayi a Mvano: Eyaa. Yafika nkhani.

Mdzukulu wa ku Chanco: Ine wopanda ntchito ndinapereka K5,000 ya pa upkeep. Azunguwo sanapemphe zachilendo, angoti tione kaundula. Ife tomwe takhala tikupempha kaundula yemweyo zaka zonsezi.

Msungichuma Wakale: Nkhani imeneyi ndinafotokoza kale pa msonkhano wa kutchalitchi. Tinagula matumba 40 a simenti. Zotsalazo zinadyedwa ndi kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, 44 peresenti si masewera. Mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money anali m'foni ija inabedwa pa depoti.

Achimwene a ku Joni: Foni imabedwa, kope nalonso linabedwa?

Mayi a Mvano: Simentiyo ine ndinaiona ndi maso anga. Matumba 12, osati 40, ataunjikidwa pakhonde mvula ikuwomba. Anauma gwaa, pano ana amakhalira ngati mipando akamakazinga chimanga. Enawo kaya anamera miyendo. Ndingodziwa kuti chaka chomwecho nyumba ina inaikidwa pulasitala.

Msungichuma Wakale: Mayi, tchulani dzina ngati muli ndi umboni. Ine mwana wanga amagwira ntchito, pulasitala sindingalephere.

Mayi a Mvano: Ine sindinatchule munthu.

Aphunzitsi Opuma: Mwaona? Izi ndi zimene thandizo lakunja limachita, kutiyambanitsa pachibale. Tisanamve za azunguwa tinali pa mtendere.

Mlongo wa ku Leeds: Mtendere wake uti? Ndipo Aphunzitsi, nthawi imeneyo wapampando munali inu. Ndalama sizinkatuluka popanda siginecha yanu. Kapena n'chifukwa chake simukufuna kaundula aonedwe?

Aphunzitsi Opuma: Iwe ndinakuphunzitsa Sitandade 6, kulemba dzina lako unaphunzira m'manja mwanga. Lero undiyese wakuba pagulu? Bambo ako akanakhala moyo sakanalola zimenezi.

Mlongo wa ku Leeds: Dzina ndinkalemba kale ndili Sitandade 1. Mlandu suwola, Aphunzitsi.

Wapampando: Ulemu chonde! Wina akapitiriza ndimuchotsa.

Achimwene a ku Joni: Nanga za CDF, ndalama za boma zija za chitukuko cha m'dera la phungu, bwanji sitikuzikamba? Mlatho ngati uwu ndi ntchito yake imeneyo. Kapena tidikira kampeni?

Mdzukulu wa ku Chanco: A Msungichuma Wakale atuluka pagulu, mwaona?

Mlembi: Ndaona. Makiyi a bokosi la mapepala ali ndi iwowo. Ndiye Lachisanu ndikawauze chiyani anthu aja?

Aphunzitsi Opuma: Ndikujambula mawu, mumvetsere bwino nonse. Ndiyambira 1964.

Mayi a Mvano: Bandulo yanga yatsala pang'ono Aphunzitsi, mungolemba. Kuno kwayamba kuwaza, ndikukadikira ana pamtsinje.