Mbewa yaswa m'khola la zazikazi zokhazokha, ndinalakwitsa pati?

Wongoyamba_mu_Labotale

Ndangoyamba kumene ntchito yosamalira mbewa zochitira kafukufuku, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi. Timasunga mbewa zakuda za mtundu wa C57BL/6. Masabata 7 apitawo ndinachotsa tiana kwa make titakwanitsa masiku 21, ndipo tinayi tomwe ndinkati ndi tatikazi ndinatiika m'khola limodzi. Dzulo m'mawa ndinapeza imodzi mwa mbewazo itaswa tiana tisanu, koma lero tatsala titatu, ndipo kamodzi ndakapeza mu utuchi katadyedwa mbali ina. N'zoonekeratu kuti ndinaika yaimuna m'kholamo mosadziwa. Kodi pali njira yodalirika yosiyanitsira yaimuna ndi yaikazi zikadali zazing'ono? Nanga n'chiyani chimachititsa make kudya ana ake, ndipo otsalawa, popeza ndi obadwa kwa mbewa za bere limodzi, angagwiritsidwe ntchito?

Mayi_wa_Makola

Musadzione ngati mwalephera, chifukwa palibe wosamalira mbewa amene sanalakwitsepo chonchi. Musanawerenge zina zonse, pitani mukaichotse yaimunayo, pakuti mbewa yaikazi imalolanso kukweredwa pasanathe maola 24 itangoswa, ndipo n'kutheka kuti panopa yatenga kale bere lina. Bere la mbewa limatenga masiku 19 mpaka 21, ngakhale kuti limatha kupitirirako pang'ono ngati make akuyamwitsa.

Chizindikiro chomwe timadalira ndi mtunda wa pakati pa potulukira chimbudzi ndi maliseche. Kwa yaimuna mtundawu ndi wotalikirapo, kwa yaikazi ziwalo ziwirizi zimayandikana kwambiri. Vuto lake n'lakuti mukayang'ana kamwana kamodzi pakokha simungadziwe kuti kutalika kwake ndi kuti, choncho nyamulani tiwiritiwiri, mukweze michira pamalo owala bwino, muyerekeze. Machende musawadalire. Mwa mbewa ndi makoswe, njira yomwe machende amatsikira sitsekeka moyo wonse, kotero kanyamako kakachita mantha kapena kakazizidwa kamawabweza m'mimba, pansi n'kuoneka posalala ngati pa kakakazi. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pomwe munanyengedwera.

Ine ndimakonda kuyang'ana tiana tikafika masiku 9 kapena 10, ubweya wa pamimba usanachindikale. Panthawiyo mawere a tatikazi amaoneka ngati timadontho m'mizere iwiri, asanu mbali iliyonse, pamene mbewa yaimuna ilibe nsonga za mawere ngakhale imodzi. Ndimalemba chiwerengero pa khadi la khola, ndipo tsiku lowachotsa kwa make ndimaona ngati zikugwirizana ndi zomwe ndapeza. Patapita sabata ndimayang'ananso kachitatu, zisanafike msinkhu wobereka, womwe ndi masabata pafupifupi 6.

Dokotala_wa_Ziweto

Amayi afotokoza bwino za kusiyanitsa, ndiye ine ndiyankhe za kudya ana. Anthu ambiri akapeza kamwana kodyedwa amangoti make ndi wankhanza, koma kawirikawiri kamwanako kamakhala katafa kale, mwina kanabadwa kakufa kapena sikanayamwe, ndipo make amangoyeretsa chisa. Kutaya ana pa bere loyamba kumachitikachitika, makamaka mbewa ikatenga bere ikadali yaing'ono ngati yanuyi.

Tiana totsalato mutiyang'ane osatigwira. Khungu lake ndi lopyapyala moti ngati tayamwa, mumaona kadontho koyera cha kumanzere kwa mimba, komwe ndi mkaka womwe uli m'chifu. Kakaoneka, siyani khola likhale. Musasinthe utuchi m'masiku oyambirira, ikanimo zomangira chisa zokwanira chifukwa tiana timabadwa topanda ubweya ndipo sititha kudzifunditsa, komanso onetsetsani kuti magetsi akuyaka maola 12 ndi kuzima maola 12 mosadukiza. Phokoso nalo ndi mdani, ndipo makutu a mbewa amamva mawu okwera kwambiri omwe ife sitimva, monga otuluka m'zipangizo zina zamagetsi kapena m'mpopi wamadzi wotseguka.

Chinanso, mbewa zazikazi zomwe mukuganiza kuti zangokweredwa musaziyandikize kwa yaimuna yachilendo. Wasayansi Hilda Bruce anaonetsa mu 1959 kuti fungo la yaimuna ina limatha kulepheretsa bere lomwe langoyamba kumene.

Wa_Majini

Pa funso lachitatu, ubale wa makolowo usakudetseni nkhawa. Mtundu wa C57BL unayambitsidwa ndi wasayansi C. C. Little mu 1921, ndipo wakhala ukusungidwa pokweretsa mbewa za bere limodzi. Mtundu umatchedwa wa magazi amodzi ukadutsa mibadwo 20 yotsatizana ya kukweretsana kotere, cholinga chikhale chakuti mbewa zonse zifanane majini (tizinthu ta m'thupi tomwe timanyamula chibadwa chochokera kwa makolo), kuti kusiyana komwe wofufuza apeze kuchokere ku mankhwala omwe akuyesa osati ku chibadwa. Chomwe chingakuvutitseni ndi zolemba. Tianati sitinali m'ndondomeko yomwe komiti yoona za chisamaliro cha nyama inavomereza, choncho uzani mkulu wa kafukufuku lero lomwe, mulembe tsiku lobadwa ndi makolo ake, ndipo iye ndi amene agamule.

Ndikusiyana pang'ono ndi adokotala pa za kusagwira tiana. Kuyang'ana chisa kamodzi patsiku, mofatsa, mutavala magolovesi oyera, n'kofunika, chifukwa kamwana kakufa kakasiyidwa simudzadziwa kuti tinabadwa tingati.

Mukadzapatsidwa makoswe musadzangotengera zonse za mbewa. Makoswe a mitundu ya Wistar ndi Sprague Dawley amasungidwa mopewa kukweretsa apachibale, ndiye kulakwitsa ngati kwanuku kukanakhala nkhani yaikulu. Bere la khoswe limatenga masiku 21 mpaka 23, mawere ake ndi asanu ndi limodzi mbali iliyonse, ndipo mukadzamutumbula musadzavutike kufunafuna kathumba ka ndulu pa chiwindi, chifukwa khoswe alibe pamene mbewa ili nako.

Wongoyamba_mu_Labotale

Zikomo nonse. Yaimuna ija ndaipeza ndipo ili m'khola lakelake. Nditaiika pambali pa inzake, kusiyana kwa mtunda uja kunaonekeratu, moti ndikudabwa kuti sindinakuone poyamba. Tiana titatu tonse tili ndi kadontho koyera pamimba. Zazikazi ziwiri zotsalazo mimba zatukuka m'mbali, ndiye mkulu wathu wandiuza kuti iliyonse ndiipatse khola lake ndi zomangira chisa lero lisanade.