Soundbar, home theatre ya m'bokosi kapena risiva ndi masipika awiri? Ndithandizeni nzeru

kamvekedwe22:

Akuluakulu moni nonse. Masipika a mu TV yanga anditopetsa, anthu akamayankhula mu filimu sindimva bwino ndiye ndimakweza voliyumu, pakangophulika kanthu phokoso lake mpaka mwana kudzuka kuchipinda, ndiye filimu yonse ndimangokhala rimoti ili m'manja kukweza kutsitsa. Komanso nyimbo ndimazikonda kwambiri mwina kuposa mafilimu, makamaka zamagitala ndi zomwe mawu a woimba amamveka bwino, zabesi nazonso ndimamvera. Pabalaza panga si papakulu, pansi ndi matailosi, TV ili pakhoma ndipo sofa inagunda khoma lakumbuyo. Ndikuganizira zitatu, soundbar (bokosi lalitali la masipika loika pansi pa TV) yokhala ndi sabu yake (sipika ya besi), home theatre ija ya m'bokosi limodzi ya timasipika tisanu yolembedwa 1000W, kapena risiva (ampu yolumikizako TV ndi masipika) ndi masipika awiri kaye. Potulutsira mawu TV ili ndi HDMI ARC ndi optical. Sindikufuna kugula chinthu choti chaka chamawa ndidzayambe kudandaula nacho. Nditenge chiti?

mkulu_wa_mawaya:

Achimwene poti mwanena nokha kuti nyimbo ndiye zili patsogolo, ine ndikuti risiva ndi masipika awiri abwino basi. Nyimbo pafupifupi zonse zomwe timamvera zinakonzedwa mu stereo, kumanzere ndi kumanja, ndiye timasipika tisanu tija sitiwonjezerapo kanthu pa nyimbo, komanso ndalama yomweyo ikagawidwa pa tisanu kuphatikizapo sabu ndi ampu ndiye kuti kalikonse mmenemo ndi kotchipa. Mukaiika pa awiri okha mumapeza masipika a bokosi lolemera, wufa (sipika yaikulu ya mawu otsika) ya mainchesi 5 kapena 6, ndipo gitala mumamva mpaka chala chikutsetsereka pa waya.

Za 1000W zija musazitengere kumtima. Kawirikawiri pamabokosi otero amalemba PMPO, nambala yokokomeza ya mphamvu ya kamphindi chabe, kapena amaphatikiza machanelo onse pa mphamvu yomwe makinawo angatulutse kwa kanthawi kochepetsetsa mawu atayamba kale kusweka. Tembenuzani makinawo muwerenge kumbuyo pomwe alemba magetsi omwe amakoka, mukapeza nambala yaing'ono kwambiri, ndiye 1000 yo ichokera kuti? Chofunika kuyang'ana ndi RMS (mphamvu yomwe ampu imatulutsa mosalekeza) pa chanelo imodzi, pa 8 ohms, machanelo awiri akulira limodzi. Ampu yoona ya 50W pa chanelo ndi yokwanira pabalaza ngati lanulo. Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti mukachulukitsa mawati kawiri mumangopeza 3 dB yokha (dB ndi muyezo wa phokoso), kusiyana kwake n'kochepa, kuti khutu limve ngati phokoso lakwera kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB ndiye kuti mawati kuchulukitsa ka 10. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndaona sensitivity ya sipika, kutanthauza phokoso lomwe imatulutsa pa wati imodzi, ya 90 dB imafuna theka la mphamvu yomwe ya 87 dB ikufuna kuti zimveke mofanana. Ma ohms nawonso muwaone, masipika a 4 ohms amatenthetsa marisiva ang'onoang'ono, a 6 kapena 8 savuta.

China, risiva mumakula nayo. Pano awiri, mukapeza kangachepe muwonjezere senta (sipika ya pakati), kenako sabu. Za m'bokosi limodzi zija ampu ikangofa zonse zatha, chifukwa nthawi zambiri sabu yake ilibe ampu yakeyake ndipo mapulagi ake salowa kwina.

nachisale_hifi:

Ine ndisiyaneko nanu pang'ono akulu. Pa nkhani ya m'bokosi ija tikugwirizana, aisiye. Koma dandaulo lomwe ayamba nalo ndi la mawu a anthu mu filimu, ndipo masipika awiri sikuti nthawi zonse amathetsa zimenezo. Mafilimu ambiri amasakanizidwa mu 5.1 (machanelo asanu ndi imodzi ya besi) ndipo zoyankhula zochuluka zimaikidwa pa chanelo ya pakati, ndiye zikafinyidwa kukhala stereo mawu aja amalowa pamodzi ndi mabomba ndi nyimbo, simungawakweze paokha. Soundbar ya 3.1 ili ndi senta yakeyake mkati ndipo zambiri zili ndi batani la voice kapena dialogue. Muwone kuti ndi 3.1 osati 2.1 yomwe ilibe senta, anthu amapusitsika pamenepa chifukwa maonekedwe ndi amodzi.

Komanso tiziganiza za m'nyumba momwe anthu akukhala. Pali mwana, masipika a pa sitandi ndi mawaya apansi mwana woyenda amakoka, ndipo si aliyense m'banja amafuna kuphunzira ma input asanaonere nkhani. Soundbar waya ndi umodzi, yayaka ndi TV yazima ndi TV. Sindikana kuti pa nyimbo imachepekedwa, kumanzere ndi kumanja zili m'kabokosi kamodzi kotalika mwina mita imodzi ndiye oimba onse amakhala ngati aunjikana pansi pa TV. Koma ngati madzulo ambiri ndi a mafilimu ndi banja, ine ndingatenge imeneyo mtima uli m'malo. Chokhacho musalipirire dzina la Dolby Atmos mwachimbulimbuli, zina zili ndi masipika oloza kumwamba omwe amadalira siling'i yosalala komanso yosatalika kuti mawu abwerere pansi, zina zilibe n'komwe, zimangoyerekeza ndi software.

tweeter_kukhutu:

Amwene chilichonse mungagule, chipindacho ndi chomwe chidzakuweruzeni. Imani pakati pabalaza muombe m'manja kamodzi mwamphamvu, mukamva kakulira kakutsalira ngati muli m'bafa ndiye dziwani kuti gawo la vuto lanu ndi matailosi ndi makoma opanda kanthu, mawu akugunda pansi ndi m'mbali n'kumafika kukhutu mochedwerapo pang'ono ndiye zoyankhula zimasokonekera. Kapeti yokhuthala pakati pa TV ndi sofa, makatani olemera pawindo, shelefu ya mabuku kumbali, zimasintha zinthu kuposa kusintha ampu.

Sofa muikokeko kutsogolo ngakhale masentimita 30, mutu ukakhala pakhoma penipeni besi imachuluka n'kumangoti guu guu osamveka manotsi. Mukatenga masipika awiriwo, mtunda wa pakati pawo ufanane ndi mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pomwe mumakhala, tweeter (kasipika kakang'ono ka mawu okwera) ikhale molingana ndi khutu mutakhala pansi, muwapendeketse pang'ono aloze kwa inu. Ngati ali ndi bowo la besi kumbuyo musawaphatike kukhoma komanso musawatsekere mu kabati.

Ndipo musanagule kanthu lero lomwe lowani mu settings ya TV mufufuze night mode kapena auto volume, imachepetsa kusiyana kwa phokoso lalikulu ndi laling'ono, mwana agona.

kamvekedwe22:

Zikomo kwambiri nonse, ndaomba m'manja muja ndipo kukulira ndithu, kapeti ndiyamba nayo. Achemwali mfundo yanu ya senta yandigwira, koma mtima ukukokerabe ku risiva chifukwa cha nyimbo, ndiye ndikuganiza awiri kaye kenako senta ikhale yoyamba kuwonjezera. Ndifunseko zina, ndilumikize ndi ARC kapena optical? Nyimbo za pa foni Bluetooth ikwana? Nanga sabu ndiyofunika pompano?

mkulu_wa_mawaya:

Achemwali anena zoona za senta, ndiye pogula muonetsetse kuti ndi AV receiver ya 5.1 kapena kuposa, osati ampu ya stereo, chifukwa ya stereo ilibe polumikiza senta. Pomwe muli ndi awiri okha muuze risiva mu setup kuti senta palibe, iyo imagawa mawu aja kumanzere ndi kumanja ndipo mukakhala pakati zimamveka ngati akuchokera pa sikirini penipeni. Wokhala kumapeto kwa sofa ndi amene amavutikirako, pamenepo ndi pomwe senta yeniyeni imathandiza. Podzagula sentayo ikhale ya kampani ndi mtundu womwewo wa awiriwo kuti mawu asamasinthe munthu akamayenda pa sikirini.

Lumikizani ndi ARC. Optical imanyamula stereo, Dolby Digital ndi DTS wamba basi, ndipo voliyumu simungaiyendetse kudzera m'waya umenewo. ARC imayenda ndi CEC, njira yomwe makina amalamulirana kudzera mu HDMI, ndiye rimoti ya TV imakweza risiva, kungoti makampani anaipatsa mayina awoawo, Samsung amati Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync, muiyatse mu menyu apo ayi mudzaganiza kuti waya ndi wakufa. eARC, mtundu watsopano wa ARC, inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, imanyamula zolemera ngati Dolby TrueHD za pa Blu-ray, koma ngati mumaonera pa Netflix ndi YouTube ARC wamba ikukwanirani. Mukadzakhala ndi player muilowetse mu risiva mwachindunji, chithunzi chokha chipite ku TV.

Bluetooth imagwira koma imafinya nyimbo isanatumize, ndipo foni ikalira zonse zimatulukira m'masipika. Ngati risiva ili ndi Wi-Fi gwiritsani AirPlay kapena Spotify Connect, foni imangokhala yosankhira nyimbo.

Sabu idikire. Masipika a mainchesi 6 ambiri amatsika kufika cha m'ma 50 Hz, pa nyimbo zanu zamagitala ndi zokwanira, ndipo sabu yotchipa imawononga nyimbo kuposa kukhala opanda. Mukadzaigula ikhale yokhala ndi ampu yake, mu setup ya risiva masipika muwaike pa Small, crossover (malire omwe besi imayamba kupita ku sabu) muyambire pa 80 Hz. Malo ake mupeze chonchi, iikeni pa sofa pomwe mumakhala, seweretsani nyimbo yabesi yomwe mumaidziwa bwino, kwawani m'mbali mwa makoma mukumvetsera, pomwe besi ikumveka yolongosoka ndi pomwe sabu ikhale. Kamaikolofoni komwe kamabwera m'bokosi la risiva musakataye, Denon ndi Marantz amagwiritsa pulogalamu yoyezera ya Audyssey, Yamaha ndi YPAO, kamayeza mtunda ndi mphamvu ya sipika iliyonse, muziyezanso mukawonjezera sipika kapena kusuntha sofa. Risiva isiyireni mpata pamwamba ipume, imatentha.

Pokasankha masipikawo mutenge nyimbo zanu zomwe mumazidziwa mpaka pomwe woimba amapumira, ndipo muwauze akuikireni onse pa voliyumu yofanana, chifukwa yomwe yakwezedwa pang'ono nthawi zonse imamveka ngati ndiyo yabwino. Mumverenso motsitsa, poti ndi momwe muzimvera usiku mwana akagona.